Kukonza rauta polemba ma command: zomwe zimachitika mukawindo kakuda kaja

Kuno ku Dedza ma rauta achuluka tsopano, m'ma lodge apa boma, m'masukulu a pulaiveti, m'ma stationery momwe amapanga photocopy ndi kutaipa ma CV, olo ku Linthipe kaya ku Bembeke mukapeza kabokosi kakuphethira pakhoma. Koma vuto lake limafanana paliponse, amene anakayika kabokosiko amakhala ku Lilongwe ndipo zomwe anapanga mkatimo zili m'mutu mwake yekha, nde tsiku loti intaneti yaduka eni ake amangothimitsa nkuyatsanso, zikakanika amaimba foni, mkulu uja nkumati tumizani ya transport ndibwera Loweruka. Sabata yonse alendo akungodandaula za WiFi. Ine ndimaona kuti rauta yomwe bizinesi ikudalira ndi bwino kuikonza polemba ma command, kutanthauza malangizo omwe mumaitaipira mzere ndi mzere. Kudina ndi mawusi sikolakwika ayi, kungoti zodina sizisiya mapazi, pomwe zolemba zimasungika mufayilo, zimatumizika pa WhatsApp, ndipo munthu wina ali kutali atha kuwerenga mzere ndi mzere nkukuuzani kuti palakwika ndi apa.

Tiyambe ndi kunena kuti si rauta iliyonse imalola zimenezi. Ma MiFi ndi tima rauta ta SIM card tomwe timagula ndi layini ya Airtel kapena TNM nthawi zambiri timangokupatsani tsamba la pa browser basi, ngati ndi ka Huawei mumalemba 192.168.8.1 nkusintha dzina la WiFi ndi pasiwedi, zathera pompo. Zomwe ndikukamba pano ndi ma rauta ngati a MikroTik ndi a Cisco, omwe mumawaika kumbuyo kwa modem ija kapena kumbuyo kwa Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito ku Malawi kuno mu 2023. MikroTik ndi kampani ya ku Latvia, inayamba mu 1996 ku Riga, pulogalamu yake ya mkati amaitcha RouterOS, ndipo chomwe anthu amaikondera ndi choti ka hAP kakang'ono kotsika mtengo kali ndi ma command omwewo amene ali mu zirauta zikuluzikulu za makampani ogulitsa intaneti. Ndigwiritsa ntchito imeneyi kwambiri, za Cisco ndibwera nazo kutsogoloku chifukwa pali kusiyana kwina komwe kumaliza anthu magetsi akathima.

Kulowamo kwake sikovuta. MikroTik yatsopano imabwera ndi adilesi 192.168.88.1, mumalumikiza laputopu ndi kebulo pa port yachiwiri kapena yachitatu, osati yoyamba chifukwa yoyambayo, yomwe amaitcha ether1, ndi yolandirira intaneti ndipo imakhala yotseka kwa olowa. Kenako pa laputopu mutsegule kawindo kakuda kaja ka Command Prompt kapena PowerShell nkulemba

ssh admin@192.168.88.1

Windows 10 ili ndi ssh yakeyake kuyambira 2018 nde simufunikanso kudawuniloda kanthu, koma ngati laputopu ndi yakale ija ya Windows 7 pezani PuTTY, kapulogalamu kaulele ka Simon Tatham komwe kakhalapo kuyambira 1999. Ma MikroTik akale pasiwedi imakhala yopanda kanthu, mumangodina Enter, atsopanowa pasiwedi yake imalembedwa pa sitika ya pabokosi kapena pansi pa rauta, nde osataya katoni musanajambule. Mukamalemba pasiwedi palibe chomwe chimaoneka pa sikirini, olo tinyenyezi, anthu ambiri amaganiza kuti kiyibodi yafa koma ndi mmene zimakhalira. SSH, njira yolowera mu rauta yomwe mwagwiritsa ntchitoyi, anaipanga Tatu Ylönen wa ku Finland mu 1995, imadutsa pa port 22 ndipo zonse zomwe mukulemba zimayenda zobisika. Telnet ya pa port 23 imagwira ntchito yomweyo koma pasiwedi imayenda poyera, aliyense wodziwa kusuzumira pa netiweki atha kuiona, isiyeni imeneyo.

Mukalowa muona [admin@MikroTik] > ikuphethira kudikira inu. RouterOS inakonzedwa mwa ma menu okhala mkati mwa anzake, mukalemba /ip address mwalowa gawo la ma adilesi, /ip route ndi gawo la njira, /interface ndi la ma port, madontho awiri .. amakubwezani m'mbuyo sitepe imodzi, / yokha imakubwezani poyambira. Ndipo pafupifupi gawo lililonse mawu ake ndi omwewomwewo, print kuti muone zomwe zilipo, add kuwonjezera, set kusintha, remove kuchotsa, disable kuzimitsa osachotsa. Batani la Tab ndiye bwenzi lanu, mukalemba theka la liwu nkudina Tab imamalizitsa yokha, mukadina kawiri imakuonetsani zonse zomwe zingatsatire. Palibe amene amaloweza ma command onse, olo akuluakulu a ma certificate aja amangodina Tab tsiku lonse.

Command yoyamba kulemba pa rauta iliyonse, yatsopano kaya yoti munaipeza kale pa ntchito, ndi iyi

/export

Imakutulutsirani zonse zomwe rauta yauzidwa, zolembedwa ngati ma command. Werengani kaye musanagwire kanthu. Pa hAP yatsopano muona kuti a fakitale anaika kale zambiri, ether1 imapempha adilesi ku modem, ma port enawo ndi WiFi anawamanga pamodzi mu chinthu chotchedwa bridge, pali DHCP ndi NAT zomwe ndifotokoza kutsogoloku, pali firewall yabwinobwino, yomwe ndi mlonda wosankha zololedwa kudutsa ndi zokanidwa. Ma video ambiri a pa YouTube amayamba ndi kukuuzani kuti fufutani zonse ndi /system reset-configuration no-defaults=yes kuti muyambe pa zero. Pophunzira ndi rauta yapadera pa tebulo palibe vuto, koma pa rauta ya lodge ine ndimakana, chifukwa mukatero mwafufutanso firewall ndi adilesi yomwe mumalowera, nde rauta ili pa intaneti chitseko chili pululu ndipo inuyo ssh yanu siikulowanso.

Tisanalembe kanthu pafunika kumvetsa za ma adilesi, apa nde pamene pagona nkhani yonse. Chipangizo chilichonse pa netiweki chimafuna nambala yake, IP address, ija ya magawo anayi ngati 192.168.88.25. Mtundu wa IPv4 umenewu uli ndi ma bit 32, kutanthauza ma adilesi pafupifupi 4.3 biliyoni dziko lonse lapansi, ochepa kuposa anthu, ndipo nkhokwe yaikulu ya IANA, bungwe loyang'anira ma adilesi padziko lonse, inatha kugawidwa mu February 2011. Kuno ku Africa amene amagawa ndi AFRINIC yomwe ili ku Mauritius, imapereka kwa makampani, osati kwa ine ndi inu. Chinapulumutsa zinthu ndi choti mu 1996 anapatula magulu atatu kuti akhale a m'nyumba, aliyense agwiritse ntchito mmene akufunira osapempha, oyamba ndi 10, oyamba ndi 192.168, ndi a pakati pa 172.16 mpaka 172.31. Nchifukwa chake 192.168.88.1 ya pa lodge yanu ilinso pa ofesi ina ku Ntcheu ndipo siziombana, sizituluka kunja kwa mpanda. Ka /24 komwe muzikaona kumapeto kakutanthauza kuti magawo atatu oyamba ndi dzina la netiweki, lomalizalo ndi la chipangizo, nde muli ndi manambala 256, kuchotsapo 0 ndi 255 omwe ali ndi ntchito zina mutsala ndi 254. Kwa a Cisco chomwecho amalemba 255.255.255.0.

Nanga ngati adilesi ya foni yanga siituluka panja, Facebook imandiyankha bwanji? Apa mpamene pabwera NAT. Amene tinakulira kumudzi tikukumbuka kuti mudzi wonse unkalandira makalata kudzera pa P.O. Box ya sukulu ya pulayimale, a positi sankadziwa nyumba ya munthu aliyense, ankangodziwa bokosi limodzi, ndipo ahedi ndi amene ankadziwa kuti kalata iyi apatse mwana wa sitandade 6 akapereke kwa agogo ake. Rauta imachita za ahedi zija, chilichonse chotuluka imachimata adilesi yake imodzi ya kunja nkulemba mu kaundula kuti ichi chachokera ku foni yakuti, yankho likabwera imayang'ana mu kaundulamo nkupereka kwa mwini wake. Mu export muja mzere wake ndi umene uli ndi chain=srcnat action=masquerade, mzere umodzi wokha koma ukasowa rauta yokha imafika pa intaneti bwinobwino pomwe mafoni onse ali gwa. Komanso dziwani kuti makampani a mafoni ndi Starlink ya kunyumba nawonso amapanga NAT yawo pamwamba pa yanuyo, amaitcha CGNAT, mukaona adilesi ya kunja ya modem ikuyamba ndi 100.64 kapena manambala oyandikira pamenepo mpaka 100.127 ndi imeneyo. Ndiye amene mumafuna kutsegula port kuti muziona makamera a CCTV muli ku Blantyre, mutha kulemba ma command olondola onse koma osatheka, vuto silili pa rauta yanu.

Tsopano tiyerekeze lodge yapa boma, modem ya SIM card ili pa 192.168.8.1, yalowa mu ether1 ya MikroTik, ku reception kuli kompyuta ndi printer pa netiweki ya 88 ija. Bwana akufuna alendo akhale ndi WiFi yawo kudzera pa access point, kachida koulutsa WiFi komwe kali mukhonde la zipinda, koma asamafike pa kompyuta ya ma akaunti komanso asamalize bandulo. Tipatula ether5 ikhale ya alendo.

Musanayambe dinani Ctrl ndi X pamodzi. Pa mzere paja pawonjezereka liwu loti SAFE. MikroTik ilibe zoti save, command iliyonse ikangolowa yagwira ntchito nthawi yomweyo ndipo yasungidwa, nde mukalemba chinthu chodula nthambi yomwe mwakhalira mwadzitsekera panja basi. Safe mode imapangitsa kuti kulumikizana kwanu kukaduka mwadzidzidzi rauta idikire mphindi zingapo kenako ibweze zonse zomwe munasintha chilowereni mu safe mode. Mukaona kuti zili bho mumadinanso Ctrl X kuti zikhazikike. Imakumbukira zosintha zosapitirira 100 nde muzituluka nkulowanso pafupipafupi. Kwa munthu amene akukonza rauta ya ku Lobi ali pa boma, mabatani awiri amenewa ndi amene amasiyanitsa kudikira mphindi khumi ndi kukwera kabaza wa njinga yamoto nthawi ya dzinja msewu uli matope okhaokha.

/interface bridge port remove [find interface=ether5]
/ip address add address=192.168.20.1/24 interface=ether5

Mzere woyamba ukuchotsa ether5 mu gulu la ku ofesi, onetsetsani kuti laputopu yanu siili pa port imeneyo. Wachiwiri ukupatsa rauta adilesi pa netiweki yatsopano. Ndasankha 20 mwadala kuti isafanane ndi 8 ya modem kapena 88 ya ofesi. Ichi ndi cholakwika chomwe chimapezeka kwambiri, modem ili pa 192.168.1.1, munthu nkuikanso netiweki ya mkati pa 192.168.1 yomweyo, rauta imasokonezeka kuti nambala imeneyi ili mbali iti, magetsi onse akuyaka bwinobwino koma palibe chikuyenda. Rauta ya Starlink imabwera pa 192.168.1.1 nde amene muli nayo chenjerani pamenepa.

Adilesi ya rauta yokha siikwanira, mafoni a alendo akufunika kupatsidwa manambala okha popanda wina kuwalembera pamanja, ntchito imeneyi ndi ya DHCP ndipo imafuna mizere itatu

/ip pool add name=alendo ranges=192.168.20.10-192.168.20.200
/ip dhcp-server add name=dhcp-alendo interface=ether5 address-pool=alendo disabled=no
/ip dhcp-server network add address=192.168.20.0/24 gateway=192.168.20.1 dns-server=8.8.8.8,1.1.1.1

Pool ndi manambala ogawa, ndasiya 2 mpaka 9 kuti tiziika zinthu zosasuntha ngati access point ija. Mzere wachitatu ndi umene anthu amaiwala, ndipo ukaiwalika foni imalandira adilesi nkulemba kuti connected koma no internet, chifukwa siinauzidwe gateway, kutanthauza khomo lotulukira, komanso siinauzidwe DNS. DNS ndi imene imasandutsa dzina ngati facebook.com kukhala nambala, 8.8.8.8 ndi ya Google, 1.1.1.1 ndi ya Cloudflare. Ndawapatsa alendo ma DNS akunja mwadala chifukwa firewall ya fakitale imakana pafupifupi chilichonse chofuna kulankhula ndi rauta yeniyeniyo ngati sichikuchokera ku gulu la LAN, ndipo ether5 taichotsako kumene, zomwe zili bwino, mlendo asamayese nkomwe kulowa mu rauta. Mukaona laputopu yadzipatsa adilesi yoyamba ndi 169.254 dziwani kuti DHCP siinayankhe nkomwe, yang'anani kebulo kapena interface yomwe munalemba.

NAT sitikhudza, mzere wa fakitale uja ukuphimba chilichonse chotulukira ku ether1. Chatsala ndi kutseka njira yochoka kwa alendo kupita ku ofesi, pakuti rauta ntchito yake ndi kulumikiza ma netiweki, mukapanda kuiletsa ilumikiza awiriwa mosangalala.

/ip firewall filter add chain=forward src-address=192.168.20.0/24 dst-address=192.168.88.0/24 action=drop comment="alendo asafike ku ofesi"

Pa firewall pali zinthu ziwiri zoti zilowe m'mutu. Choyamba ma chain, input ndi zopita kwa rauta mwini wake, forward ndi zongodutsa kupita kwina, anthu amasokoneza ziwirizi nkumadabwa kuti lamulo silikugwira. Chachiwiri malamulo amawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, loyamba kugwirizana ndi paketi, kachidutswa ka data komwe kakudutsa, ndi lomwe limagwira ntchito, otsatirawo saonedwanso. Nde drop yanu ikakhala pansi pa accept yomwe ikuvomera zomwezo ndiye kuti mwangolemba zokongoletsa. Lembani /ip firewall filter print stats muone manambala a mapaketi pa lamulo lililonse, lomwe lili pa 0 mpaka kalekale pamene mukuliyesa ndiye kuti silikufikiridwa. Ndipo comment musamaiderere, lembani m'Chichewa momwemo, amene adzabwere pambuyo panu adzakudalitsani.

Za bandulo tsopano, zomwe bwana aliyense amafunsa koyamba.

/queue simple add name=alendo target=192.168.20.0/24 max-limit=2M/5M queue=pcq-upload-default/pcq-download-default

Nambala yoyamba ndi upload yachiwiri download, ndipo ndi ya alendo onse pamodzi osati aliyense. Mbali ya pcq ikupangitsa kuti 5M ija izigawidwa mofanana kwa amene alipo nthawi imeneyo, apo ayi mlendo mmodzi wodawuniloda ma series amatenga zonse ena nkumalephera olo voice note. Koma pali msampha womwe wagwira anthu ambiri, firewall ya fakitale ili ndi lamulo la fasttrack lomwe limathamangitsa mapaketi powadumphitsa zinthu zina, ndipo ma queue ali m'gulu la zodumphidwazo. Mumaika malire, mukayesa speed test liwiro lili chimodzimodzi, nkuyamba kutukwana rauta. Mankhwala ake ndi awa

/ip firewall filter disable [find action=fasttrack-connection]

kenako muyese ndi ma connection atsopano kapena muyatsenso rauta. Purosesa igwira ntchito yambiri kuposa kale, koma pa liwiro la modem ya SIM card ka hAP kamakwanitsa. Komanso tiwauze zoona abwana, queue imachepetsa liwiro, siiwerenga bandulo. 5M ndi ma megabit pa sekondi, mukachulukitsa ndi masekondi 3600 nkugawa ndi 8 mupeza kuti ola limodzi lodzaza limadya pafupifupi 2.25 GB. Usiku umodzi wozizira wa mu June alendo onse ali m'mabulangete ndi TikTok, bandulo ya 20 GB siifika m'mawa. Ngati mukufuna malire a ma MB pa munthu, imeneyo ndi nkhani ya hotspot ndi ma voucher, RouterOS ili nazo koma ndi phunziro lina.

Tibwere kwa Cisco, kampani ya ku America yomwe Leonard Bosack ndi Sandy Lerner anayambitsa mu 1984 akuchokera ku Stanford. Ma rauta ake mumawapeza m'mabanki, m'maofesi a boma ndi a mabungwe, komanso achinyamata ophunzira CCNA, certificate ya Cisco, amayeserera pa pulogalamu ya Packet Tracer yomwe ndi yaulele mukalembetsa ku Networking Academy yawo. Yatsopano kapena yofufutidwa ilibe adilesi yolowera, mumafunika console cable ija yabuluu yolumikiza laputopu ndi rauta mwachindunji, ndi adaputa ya USB ngati laputopu ilibe serial, mu PuTTY musankhe Serial liwiro 9600. Mukaona zilembo zosamveka pa sikirini ndiye kuti liwiro mwaphonya, ma MikroTik okhala ndi console ambiri amafuna 115200. Ku Cisco mumakwera masitepe, chizindikiro cha > ndi pongoonera, mukalemba enable chimasanduka #, mukalemba configure terminal mpamene mumatha kusintha zinthu.

enable
configure terminal
interface GigabitEthernet0/1
ip address 192.168.20.1 255.255.255.0
no shutdown
exit
ip route 0.0.0.0 0.0.0.0 192.168.8.1
end

Maganizo ake ndi omwe aja, adilesi pa port, kenako njira ya ma zero yomwe ikuti chilichonse chomwe sukuchidziwa tumiza ku modem. Ka no shutdown nkofunika chifukwa ma port a rauta ya Cisco amabwera ozimitsa, mukalemba show ip interface brief muona administratively down mpaka mutawadzutsa. Koma chachikulu ndi ichi, zonse mwalembazi zili mu running-config yomwe imakhala mu RAM, memory yomwe imafufutika rauta ikazima. Rauta ikugwira ntchito bwinobwino, mwalandira ndalama yanu mwapita, patatha masiku magetsi athima monga mwa nthawi zonse, akabwera rauta yadzuka ndi startup-config yakale, ntchito yonse yapita. Mwini wake aziti munamubera. Mzere wosungira ntchitoyo ndi umodzi

copy running-config startup-config

kapena write memory mwachidule. Khalidwe lomweli lili ndi ubwino wake, mukamakonza muli kutali mumayamba ndi reload in 10, mukadzitsekera panja rauta imadziyatsanso pakatha mphindi 10 nkubwerera ku zakale zomwe zinasungidwa, zikayenda bwino mumalemba reload cancel kenako nkusunga. Nde kumbukirani kuti muli pa rauta iti, ku MikroTik choopsa ndi choti zonse zimasungika pompopompo, ku Cisco choopsa ndi choti palibe chimasungika chokha.

Intaneti ikaduka, command line mpamene imaonetsa phindu lake lenileni, chifukwa m'malo mongoti netiweki yavuta mumafunsa mafunso motsatana. Muli mu MikroTik lembani /interface print muone ngati ether1 ili ndi chilembo R kutsogolo, ngati palibe ndi kebulo kapena modem yazima. Kenako /ping 192.168.8.1 count=4, ikayankha ndiye kuti mpaka pa modem zili bwino. Kenako /ping 8.8.8.8 count=4, ikakana apa pamene modem ikuyankha, kawirikawiri bandulo yatha kapena netiweki ya kampani yagwa, kapena njira ya ma zero yasowa, onani ndi /ip route print. Amene muli m'mbali mwa M1 cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri komwe Mozambique ili tsidya la msewu, onaninso pa tsamba la modem kuti ili pa netiweki iti, chifukwa zida za SIM kumeneko zimamvanso ma tawa a tsidya linalo. 8.8.8.8 ikayankha koma /ping google.com nkukana, vuto ndi DNS basi. Zonse zikayankha mu rauta koma mafoni ali chete, bwererani ku NAT ndi DHCP, /ip dhcp-server lease print ikuonetsani amene alandira adilesi. Ndipo bwana akamati bandulo ikutha msanga pali amene akuba, /tool torch interface=ether5 src-address=0.0.0.0/0 imaonetsa pompo adilesi yomwe ikukoka kwambiri, nthawi zina mupeza kuti si mlendo nkomwe, ndi laputopu yomwe ikupanga update ya Windows. Mayankho onsewa ndi zolemba, mtsikana wa pa reception atha kukopera nkutumiza kwa katswiri ali ku Area 25 nkuuzidwa chochita popanda wina kukwera minibasi.

Za chitetezo sindichulutsa koma musazidumphe. Mu April 2018 kunapezeka bowo mu Winbox, pulogalamu yodina ya MikroTik yomwe imadutsa pa port 8291, loti munthu amatha kutenga mapasiwedi a rauta osalowa nkomwe. Kampani inatseka bowolo mu version 6.42.1, koma ma rauta ambiri padziko sanapangidwe update, ndipo mu 2021 gulu la ma rauta obedwa lotchedwa Mēris linagwiritsidwa ntchito kugwetsa ma website akuluakulu eni ake a ma rautawo osadziwa kanthu. Rauta ya second hand yomwe mwagula kapena mwapatsidwa, yambani ndi /system resource print muone version. Pangani user wanu ndi /user add name=dzina group=full password=yaitali, tulukani mulowe ndi ameneyo kuti mutsimikize kuti akugwira, kenako /user disable admin. Zimitsani zomwe simugwiritsa ntchito ndi /ip service disable telnet,ftp,www,api. Ndipo pasiwedi isakhale dzina la lodge ndi 2024 kumapeto chonde. Ikaninso nthawi yolondola ndi /system clock set time-zone-name=Africa/Blantyre, tima rauta tating'onoti tilibe batire ya wotchi nde magetsi akathima timadalira intaneti kuti tidziwenso nthawi, ndipo /log print yokhala ndi nthawi yolakwika siikuthandizani kudziwa kuti layini inaduka liti.

Zonse zikatheka tulukani mu safe mode nkulemba

/export file=lodge-dedza

Fayilo ya lodge-dedza.rsc ikhala mu rauta, ikopereni pa laputopu, pa flash, ndi pa email ya mwini bizinesi osati ya amene wakonza yekha. Ndi zolemba wamba, imatseguka ndi Notepad. Pa RouterOS 7 mapasiwedi a WiFi amabisidwa okha mu export pokhapokha mutawonjezera show-sensitive, koma pa version 6 amaoneka poyera nde lembani hide-sensitive musanaitumize pa gulu la WhatsApp. Palinso /system backup save, imeneyo imasunga zonse mpaka ma user koma siiwerengeka ndi maso ndipo inapangidwira rauta yomweyo, pa ina imabweretsa chisokonezo. Kuno mvula ya mphezi ikayamba mu December ma port amapsa, makamaka kumene kebulo yadutsa panja kupita ku nyumba ina, nde tsiku lomwe mwagula rauta ina fayilo ya rsc ija ndi imene mumaitsegula, nkumakopera mizere yake gawo ndi gawo kapena kuilowetsa ndi /import file-name=lodge-dedza.rsc. Ngati yatsopanoyo ndi mtundu wina yambani mwaona maina a ma port ndi a WiFi ngati akufanana, komanso chotsani mizere yomwe fakitale yaika kale, chifukwa import ikakumana ndi mzere wolakwika kapena wobwereza imaima pomwepo ndipo yotsatirayo siilowa. Ma user ndi mapasiwedi awo salowa mu export, amenewo mupanganso pamanja.